Kufinya khosi lokha kapena khoko lonse: mfuti imalondola ndi njira iti?

Kondwani (Centurion):
Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumadzaza nokha zipolopolo. Mfuti yanga ndi .308 Winchester ya bolt, chotsekera chipolopolo m'mfuti chokoka ndi dzanja. Ndimaombera chandamale pa mamita 100 mpaka 300, ndipo nyengo yozizira ndimapita ku Limpopo kukasaka nswala. Kukalabu kwathu azibambo ambiri amati ukafuna kuti mabowo aziyandikana pachandamale, uzifinya khosi lokha la khoko (kachitini kamkuwa kosunga wonga ndi mutu wa chipolopolo), thupi ndi phewa osazikhudza, poti khokolo latenga kale maonekedwe a chamber ya mfuti yako, kachipinda kokhalamo chipolopolo. Ndakhala ndikutero. Tsono pano makoko ena bolt ikutseka bwinobwino, ena mpaka kuikankha ndi chikhatho. Onse ndi a paketi imodzi ndipo aomberedwa mofanana. Kodi ndigule die (chitsulo chofinyira makoko) ya full length ndizifinya khoko lonse? Mantha anga ndi akuti mfuti isiya kulondola, makoko nawonso azitha msanga.

Malume Mbewe (Polokwane):
Mphwanga Kondwani, azibambo a kukalabuwo sanakunamize. Khoko likaomberedwa limafufuma mpaka kugunda makoma a chamber, kenako n'kubwerera pang'ono chabe. Likatero lakhala la mfuti yako yokha. Ukalifinya lonse ukulibwezera ku saizi yoti lilowe m'mfuti ya aliyense, ndiye limakagona pansi m'chamber mogwedera, mutu wake osayang'ana pakati penipeni pa mpope. Ine .303 yanga ndimafinya khosi lokha kuyambira kale, ndipo ngoma sizinadandaulepo kuti ndaziphonya. Bolt ikayamba kulimba, dutsitsa makokowo mu full length kamodzi, kenako ubwerere ku khosi lokha.

Nabanda (Woking):
Malume, ndi ulemu wonse, pa .303 ndikugwirizana nanu, koma pa .308 ya Kondwani ayi. Ine ndimaombera F-TR, mpikisano wa chandamale chakutali, ku Bisley kuno ku Britain, pa Stickledown, mayadi 1,000, ndipo mfuti yake ndi .308 yomweyo. Amene ndimaombera nawo pamzere umodzi pafupifupi onse amafinya khoko lonse nthawi iliyonse. Erik Cortina wa ku America, mmodzi mwa odziwika pa F-Class, mpikisano umene F-TR ndi gawo lake, wakhala akuuza anthu poyera kuti asiye zofinya khosi lokha. A benchrest, amene mpikisano wawo wonse ndi wa mabowo kuyandikana basi, ambiri anasamukiranso ku full length.

Chifukwa chake chili mu zimene Kondwani wafotokozazo. Makoko a paketi imodzi, ena akutseka mofewa, ena molimba. Ndiye kuti makokowo sakufanananso. Lina lakhala mothinana pakati pa bolt ndi phewa la chamber, lina lili ndi mpata. Njira ya malumeyo imawonjezera vutolo, chifukwa kuombera koyamba khoko likachoka mu full length ndi kosiyana ndi kwachitatu litathinananso. Ife timafuna kuti chipolopolo chilichonse chilowe m'chamber mofanana ndi chinzake, lero ndi mawa.

Malume Mbewe (Polokwane):
Mayi Nabanda, mfuti zanuzo chamber yake ndi yochita kudulira mwapadera, ndipo die yake nthawi zina imapangidwa molingana ndi chamber yomweyo. Mwanayu mfuti yake ndi ya mushopu. Chamber ya mushopu ndi yotakasuka, die ya mushopu ndi yothina. Akaikhwimitsa die mpaka kugunda shellholder, kachitsulo kogwira thako la khoko, monga kapepala ka m'bokosi kamanenera, makoko ake aduka pamchombo posachedwa.

Tembo Fitter (Germiston):
Nonse awiri muli ndi mbali imene mwalasa. Ndiloleni ndiyale manambala, poti ntchito yanga ndi yoyeza zitsulo tsiku lonse.

Khoko la .308 lilibe mkombero wotulukira kunja. Chimene chimaliimitsa m'chamber ndi phewa. Bungwe la SAAMI la ku America, loona za miyeso ya mfuti ndi zipolopolo, linaika kuti mtunda wochokera pankhope ya bolt kufika paphewa, poyezera pamene phewalo ndi lalikulu mainchi 0.400, ukhale pakati pa mainchi 1.630 ndi 1.640. Choncho chamber ziwiri zonse zovomerezeka zikhoza kusiyana ndi 0.010, amene oombera amati ma thou 10, pafupifupi kota ya milimita. Wopanga die sadziwa kuti yanu ndi iti, ndiye amaidula moti khoko lituluke lokwana ngakhale m'chamber yaifupi kwambiri. Apa malume akunena zoona.

Tsono taonani chimene chimachitika mukakoka trigger. Firing pin, kasingano ka mu bolt, imamenya primer, kabatani koyatsa wonga pathako la khoko, n'kukankhira khoko lonse kutsogolo mpaka phewa ligunde. Wonga ukayaka mphamvu imakwera kufika cha m'ma 60,000 psi. Mbali ya kutsogolo ya khoko ndi yopyapyala, imafufuma msanga n'kumamatira kumakoma. Thako la khoko ndi lochindikala, silimamatira, limabwerera m'mbuyo kukagunda bolt. Mpata wonse umene munasiya umatsekedwa ndi mkuwa wotamuka pamalo amodzi, pamwamba pang'ono pa thako, pamene khoma limayamba kupyapyala. Mukasiya ma thou 8 nthawi iliyonse, khoko limatamuka ma thou 8 pamalo omwewo nthawi iliyonse mpaka lidzaduke. Mukasiya ma thou 2, kutamukako n'kochepa kwambiri moti khoko limayamba kutha kwina, kaya khosi kung'aluka kaya dzenje la primer kukula, osati kuduka.

Choncho chimapha makoko ndi kubweza phewa mopitirira muyeso, osati die ya full length payokha. Muitchere die moti phewa libwerere ma thou 1 kapena 2 okha pa mfuti ya bolt. Thupi lafinyidwa, bolt ikutseka mofewa, khoko silikutamuka.

Kondwani (Centurion):
Zikomo a Tembo. Nanga ma thou 2 amenewo ndiwadziwa bwanji? Ndili ndi vernier ya digito yokha.

Tembo Fitter (Germiston):
Vernier yomweyo ikwanira. Hornady amagulitsa headspace comparator yomangirira pa vernier, yoyezera khoko kuchokera pathako kufika paphewa, mphete ya .308 ndi ija ya 0.400. Ngati mulibe, tengani khoko lopanda kanthu la .40 S&W, lokhala ndi kamwa yozungulira bwino, mulivindikire pakhosi pa khoko la .308 kuti kamwa yake ikhale paphewa, muyeze zonse pamodzi. Nambala imene ituluke siikunena za SAAMI ayi, ntchito yake ndi kuyerekeza khoko lisanalowe mu die ndi litatuluka.

Muyambe mwachotsa primer yakale, chifukwa ikatumphuka pang'ono imanamiza muyeso. Sankhani makoko amene bolt ikulimba nawo aja, amenewo ndiwo akukuuzani utali weniweni wa chamber yanu. Khoko loomberedwa kamodzi kokha nthawi zambiri limakhala lisanadzaze chamber yonse.

Kenako pakani mafuta pathupi la khoko, pang'ono chabe, paphewa osapaka, chifukwa mafuta akatsekeredwa pamenepo amasiya timaenje. Die muiyambire kumwamba n'kumaitsitsa pang'onopang'ono. Mazinga a die ndi 7/8-14, kutanthauza kuti mukaizunguza kamodzi kathunthu yatsika mainchi 0.071. Ma thou 2 ndi kuizunguza madigiri 10 okha, kachigawo kochepa zedi. Anthu amene amati "tsitsani kota" akunena za ma thou pafupifupi 18.

Chinthu china chimadabwitsa ambiri. Die ikayamba kufinya thupi isanafike paphewa, muyeso umakwera m'malo motsika. Mkuwa wofinyidwa m'mbali umathawira kutsogolo, phewa limasunthira patsogolo. Mukaima pamenepo bolt ilimba kuposa kale. Pitirizani kutsitsa mpaka nambala iyambe kubwerera, ifike ma thou 2 pansi pa imene munayamba nayo, mumange mphete yokhwimitsira die. Khoko lililonse muzilisiya mu die kamphindi kofanana musanakweze chogwirira cha press, makina amene die imamangidwapo.

Nabanda (Woking):
Kuwonjezera pa za a Tembo: kuli ma shellholder a Redding otchedwa Competition, amabwera asanu, lililonse kusiyana ndi linzake ndi ma thou 2, kuyambira +0.002 mpaka +0.010. Ubwino wake die imagunda shellholder molimba nthawi zonse, ndiye kugwedera kwa press sikulowa mu muyeso. Umangosintha shellholder mpaka upeze yokupatsa mpata umene ukufuna.

Njira ina yomvera ndi dzanja: chotsa firing pin ndi spring yake mu bolt, ndi ejector, yotulutsira khoko ija, ngati ndi ya kabatani. Lowetsa khoko lopanda kanthu. Likakhala lalitali, chogwirira cha bolt chimaima panjira. Likafika pabwino chimatsika chokha, kungotsala kukhudza pang'ono kumapeto.

Yamikani:
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene kuwerenga za izi. Bwanji khoko limene linatuluka m'chamber momwemo likukananso kulowa? Sizikundimvekera.

Tembo Fitter (Germiston):
Funso labwino achimwene. Mkuwa wa makoko ndi wosakaniza, magawo 70 kopa ndi magawo 30 zinki. Chitsulo chimenechi chimauma chikamapindidwa. Amene munapangako magalimoto a mawaya muli ana mukukumbuka: waya ukaupinda pamodzimodzi kangapo umalimba pamenepo, ukapitiriza umathyoka. Khoko nthawi iliyonse likaomberedwa limakankhidwira kumakoma ndi mphamvu yaikulu, ndipo chitsulo cha chamber nachonso chimatamuka pang'ono n'kubwerera. Khoko limatsala lokulirapo pang'ono kuposa mmene linalili, ulendo uliwonse kuwonjezera, mpaka mpata wonse utha. Makoko sauma mofanana, n'chifukwa chake ena a Kondwani afika kale pothina pamene ena sanafike. Kukakamiza bolt pa khoko lothina kumadyanso mano a bolt, makamaka ngati alibe girizi.

Malume Mbewe (Polokwane):
Zonsezo ndamva, koma funso la mwanayu linali la kulondola. Palibe amene wandiyankha za khoko logona pansi m'chamber. Mutu ukayamba ulendo utapendekeka, ukafika bwanji pachandamale uli woongoka?

Nabanda (Woking):
Malume, phewa la khoko ndi lopendekeka kuzungulira konse, la chamber chimodzimodzi. Firing pin ikakankha khoko kutsogolo, mapewa awiriwo amakumana n'kulikokera khoko pakati lokha. Kutsogolo kwake mutu wagwiridwa kale ndi njira yolowera mumpope, imene mpata wake ndi wochepa kwambiri. Khoko lokhala ndi kampata m'mbali limalola kuti mutu ndi phewa zipeze pakati. Khoko lothina lilibe ufulu umenewo. Ngati chamber inadulidwa mopendekeka pang'ono, kapena nkhope ya bolt si yoongoka ndendende, khoko loomberedwa limatengera kupendekekako. Mukalibweza litatembenuka mbali ina, kupendekeka kwa khoko ndi kwa chamber kumalimbana. N'chifukwa chake ofinya khosi lokha akale ankaika chizindikiro pathako la khoko kuti lizilowa moyang'ana kumodzi nthawi zonse.

Koma ndinene chilungamo. Pa mamita 100 ndi mfuti ya mushopu, kusiyana kwa njira ziwirizi pachandamale n'kochepa moti anthu ambiri sangakuone. Sindikunena kuti full length isandutsa mfuti wamba kukhala ya mpikisano. Ndikunena kuti siichotsa kulondola, ndipo imakupatsa bolt yotseka nthawi zonse. Chimene chimasokoneza kulondola kwenikweni pa nkhani yofinyayi chili pakhosi.

Kondwani (Centurion):
Pakhosi pali chiyani, achemwali?

Nabanda (Woking):
Die wamba ya full length imafinya khosi mopitirira, kulichepetsa kwambiri kuposa mmene likufunikira, chifukwa wopanga sadziwa ngati makoko ako ndi a khosi lochindikala kapena lopyapyala. Pamene ukutulutsa khoko, kampira kachitsulo kali pandodo yochotsera primer, kaja timati expander, kamadutsa m'khosi n'kulikulitsanso. Nthawi imeneyo khoko latuluka kale m'makoma a die, palibe choligwira. Ndodo ikakhala yopendekeka, kapena mbali imodzi ya khosi ikakhala yopyapyala, khosi limakokedwera kumbali. Mkati mwa khosi mukakhala mouma umamva kulira kwii, ndipo kampirako kakhoza kukoka ndi phewa lomwe kubwerera kutsogolo, ma thou 2 ako aja n'kusokonekera.

Ndikuganiza kuti mbiri yoipa ya full length inachokera pamenepa. Anthu ankayerekeza die ya khosi lokha ndi die ya full length yomangidwa mpaka pansi, ya expander youma, n'kuona kuti zipolopolo za full length zikutuluka zokhota. Mlandu unali wa kampirako.

Gubuduza chipolopolo chodzaza pagalasi lathyathyathya uyang'ane nsonga ya mutu. Ikamavina, chakhota. Pali ma geji oyezera zimenezi, timati runout. Ine ndimafuna isapitirire ma thou 2, ngakhale pa mfuti yosakira ma thou 3 kapena 4 sangakulepheretse nswala.

Tembo Fitter (Germiston):
Mankhwala ake alipo angapo, kutengera thumba.

Yotchipa: die yomweyo, koma tsukani mkati mwa khosi ndi kaburashi, muviike khosi mu ufa wa graphite, ndipo ndodo ya expander musaimange gwa. Imangeni pamene kampira kali m'khosi mwa khoko, kuti kadzipezere pakati. Ena amaika O-ring pansi pa mphete kuti ndodoyo izitha kusuntha pang'ono. Die za Forster kampira kake kali m'mwamba, kamadutsa m'khosi khoko likadali logwiridwa, zimathandiza.

Imene ndimaikonda ine ndi die ziwiri. Yoyamba ndi body die, imafinya thupi ndi kubweza phewa, khosi osalikhudza. Yachiwiri ndi Lee Collet, imene malume ayenera kuti akuidziwa. Ili ndi zala zinayi zimene zimakanikiza khosi pa kandodo koongoka kali pakati. Sikoka, sifuna mafuta, ndipo makosi amatuluka oongoka. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi ntchito imene imagwira. Kungoti musaikanikize ndi mphamvu zonse, chivindikiro chake cha pamwamba ndi cha aluminiyamu, chimavuka mazinga.

Yodula ndi die ya bushing monga Redding Type S. Mumasankha nokha mphete yofinyira khosi. Muyeze khosi la chipolopolo chodzaza. Mutu ndi 0.308, khoma la khosi likakhala 0.014 mbali iliyonse, zonse pamodzi ndi 0.336. Chotsani ma thou 2, mugule bushing ya 0.334. Vuto lake bushing imazunguza kunja kwa khosi. Khoma likakhala lochindikala mbali imodzi, kusiyanako kumapita mkati, kumene kukukhala mutu. Pa makoko abwino monga a Lapua kapena Norma si nkhani yaikulu. Pa makoko a makoma osafanana, ndi bwino kufinya mothinirako pang'ono kenako n'kulowetsa mandrel, kandodo kachitsulo kokulitsira khosi, kuchokera pamwamba. Mandrel imakankha pamene khoko lakhala pathako pake, siikoka, ndipo imazunguza mkati, kusiyana kwa khoma kumapita kunja.

Malume Mbewe (Polokwane):
Lee Collet ndi imene ndimagwiritsa ntchito, a Tembo. Mwina n'chifukwa chake zipolopolo zanga sizikhota. Koma pa .303 musandiuze za full length. Mfuti imeneyi agogo athu a King's African Rifles ku Zomba anainyamula, ndimaidziwa mkati ndi kunja. Lee-Enfield bolt yake imatsekera kumbuyo, ndiye ikaomba thupi la bolt limapanikizika n'kubwerera pang'ono, khoko limatamuka nalo. Khoko la .303 limaima ndi mkombero, osati phewa, choncho opanga mfuti za nkhondo sankasamala za phewa la chamber. Ankalidula motakasuka komanso patsogolo, kuti chipolopolo chilowe ngakhale muli matope. Imikani khoko latsopano pambali pa loomberedwa, muona ndi maso kuti phewa lasamuka. Mukalibweza pamalo akale nthawi iliyonse, khoko silichedwa kuduka.

Nabanda (Woking):
Pamenepo palibe mtsutso malume. Pa Lee-Enfield khosi lokha ndiyo njira, ndipo phewa libwezedwe pang'ono pokhapokha bolt ikayamba kuvuta. Kunonso amene amaombera mfuti zakale za usilikali amatero. Kungoti aliyense wokhala ndi ma .303 awiri azisunga makoko a mfuti iliyonse m'bokosi lakelake, chifukwa a mfuti iyi sangalowe mu inayo.

Malume Mbewe (Polokwane):
Ndiponso aphunzire kufufuza mkati mwa khoko. Tengani ka waya ka pepala, muongole, mupinde nsonga yake pang'ono n'kuinola. Lowetsani mpaka pansi, muzikanda khoma pokwera. Mukamva nsonga ikugwera mu kangalande pamwamba pa thako, khokolo latha, liphwanyeni ndi pulayala mulitaye. Kunja limaonetsa kamzere kowala kozungulira pamalo omwewo. Khoko likaduka m'chamber mpweya wotentha umabwerera kumaso, ndipo theka lake limatsala mkati, ulendo wa kutchire wathera pomwepo. Magalasi muzivala nthawi zonse.

Chirwa (woyang'anira gulu):
Zokambirana zikuyenda bwino, pitirizani. Ndingokumbutsa malamulo athu. Pagulu pano sitipatsana milingo ya wonga. Aliyense atsate buku la wopanga wonga wake, kaya Somchem kaya Vihtavuori, ayambire pansi. Amene muli ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokha, osati zogulitsa, ndipo ma primer asapitirire 2,400 pa mfuti iliyonse pokhapokha ngati muli dedicated hunter kapena dedicated sports person. Ku Britain ma primer sugula popanda kuonetsa satifiketi ya mfuti. Amene muli kwina fufuzani kaye malamulo a dziko limene mukukhala musanagule kalikonse.

Tembo Fitter (Germiston):
Zikomo a Chirwa. Pa za chitetezo zomwezo, a Kondwani mukasamukira ku full length muziyeza utali wa khoko nthawi iliyonse mukamaliza kufinya. Mkuwa wofinyidwa m'thupi umathera kukhosi, khoko limatalika msanga kuposa mmene munazolowera. La .308 lisapitirire mainchi 2.015, podula timadulira pa 2.005. Likatalika kwambiri kamwa yake imakafika pothera chamber, imapanidwa n'kuluma mutu, mphamvu imakwera moopsa ngakhale wonga uli womwewo.

Kondwani (Centurion):
Ndayeza madzulo ano ndi khoko la .40 monga munanenera. Makoko amene bolt ikulimba nawo ndi aatali ndi thou imodzi kapena ziwiri kuposa ofewa aja. Ndagubuduzanso zodzaza kale pagalasi la tebulo, zina nsonga ikuvina ndithu, chonsecho ndi za khosi lokha. Die yanga ya khosi ili ndi expander.

Nabanda (Woking):
Ndiye waona wekha kuti khosi lokha silitanthauza chipolopolo choongoka. Die ya khosi yokhala ndi expander ili ndi vuto lomwe lija, mwinanso kuposa, poti thupi la khoko siligwiridwa ngakhale pamene khosi likufinyidwa.

Pali chinanso chimene pa mamita 100 sungachione koma patali chimaonekera: mphamvu imene khosi lagwirira mutu. Ambiri timafuna kuti mkati mwa khosi muchepe ndi ma thou 2 poyerekeza ndi mutu. Koma makosi awiri a muyeso umodzi, lina louma lina lofewa, sagwira mofanana. Umamva padzanja pokhazika mitu, wina ukulowa mofewa wina molimba. Kusiyana kumeneko kumatha kusintha liwiro. Pa mayadi 1,000 ndi .308, kusiyana kwa mafiti 20 pa sekondi kumakweza kapena kutsitsa bowo ndi mainchi pafupifupi 5, ndipo V-bull, kadiso ka pakati penipeni pa chandamale cha F-Class, pa mtunda umenewo ndi mainchi 5 omwewo. N'chifukwa chake ife timafewetsa makosi ndi moto, ena nthawi iliyonse. Kuli makina a AMP ochokera ku New Zealand ogwiritsa ntchito magetsi, ena amagwiritsa ntchito gasi ndi utoto wa Tempilaq wosungunuka pa madigiri 400 Celsius. Khosi lofewetsedwa limamveranso die mofanana, ndiye ngakhale phewa limabwerera mofanana pa makoko onse.

Chenjezo lake ndi limodzi ndipo ndi lalikulu: kutentha kusafike kuthako la khoko. Thako liyenera kukhala louma kuti lipirire mphamvu. Khoko limene latenthedwa lonse ndi lotaya. Kwa iwe Kondwani, pa mamita 300, sindikuona chifukwa chothamangira zimenezi panopa.

Yamikani:
Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti njira iyi ikuposa inayo pa mfuti yake? Kukalabu ndimaona anthu akuombera zipolopolo zitatu n'kujambula chithunzi.

Nabanda (Woking):
Zitatu sizinena kanthu achimwene. Mfuti yomweyo, zipolopolo zofanana, ukaombera magulu a zitatuzitatu motsatizana, lina lituluka laling'ono lina lalikulu kuwirikiza kawiri, palibe chimene wasintha. Tsono ngati kusiyana kumene ukufufuza ndi kwa mamilimita ochepa, kumamira m'menemo. Munthu amasunga chithunzi cha gulu laling'onolo n'kunena kuti die yake ndi yabwino.

Ukafuna kudziwa zoona, tenga makoko a paketi imodzi, oomberedwa mofanana, uwagawe pawiri. Theka khosi lokha, theka khoko lonse. Primer, wonga, mutu ndi kuya kwake zikhale chimodzimodzi. Ika zandamale ziwiri moyandikana, uziombera mosinthana, chimodzi uku chimodzi uko, kuti kutentha kwa mpope ndi mphepo zigwere mbali zonse mofanana. Mnzako ndiye azikupatsira zipolopolo iwe osadziwa kuti ichi ndi cha njira iti. Mbali iliyonse ifike zipolopolo 20 kapena kuposa, ndipo ubwereze makokowo ataomberedwanso kangapo, chifukwa vuto la khosi lokha limabwera mochedwa. MOA imodzi, muyeso umene timayezera kukula kwa gulu la mabowo, pa mamita 100 ndi mamilimita 29. Ngati mbali ziwirizo zasiyana ndi mamilimita 2 kapena 3, ziwerenge kuti n'zofanana, usankhe njira imene bolt ikutseka bwino.

Malume Mbewe (Polokwane):
Kuyesa kotero ndikuvomereza. Kondwani ukadzabwera kuno nyengo yosaka ubwere ndi mabokosi onse awiri, ndidzakupatsira ndine. Ine ndikadali pa mawu anga akuti mfuti ya chamber yotakasuka ikhoza kukonda khosi lokha, chandamale ndicho chidzaweruze. Koma zopita nazo kutchire, pamenepo ndilibe mawu ena: zifinyidwe thupi lonse, ndipo chilichonse chiyesedwe m'mfuti ku range usananyamuke. Fumbi la kuno ndi losalala, limalowa paliponse. Nyama yavulala ikuthawa, iwe ukulimbana ndi bolt, ndi nkhanza kwa nyamayo.

Sakala (Nelspruit):
Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa ndi la .375 H&H imene ndimanyamula ndikamaperekeza alenje kumene kuli njati. Khoko lake lili ndi lamba pathako. Za ma thou 2 zikugwiranso ntchito pamenepa? Nanga za mfuti zodzikoka zokha?

Tembo Fitter (Germiston):
A Sakala, Holland & Holland atatulutsa .375 mu 1912 anaika lambayo kuti ndiye aziimitsa khoko m'chamber, chifukwa phewa lake ndi laling'ono komanso lotsetsereka, ndipo khoko la lamba limayenda bwino mu magazini kuposa la mkombero. Zotsatira zake zikufanana ndi za .303 ya malume: popeza phewa si limene likuimitsa khoko, chamber zambiri za lamba phewa lake lili patsogolo ndithu. Khoko latsopano limatamuka kwambiri pa kuombera koyamba. Mukamalibweza mpaka pansi nthawi zonse limaduka pamwamba pa lamba. Choncho muyeze phewa la khoko loomberedwa n'kulibweza pang'ono, lambayo mumuiwale. Pa .300 Winchester Magnum ndi 7mm Remington Magnum, zimene phewa lake ndi lakuthwa, njirayi imagwira bwino kwambiri.

Koma zopita nazo kwa njati musachite kuumira mpata. Bwezani ma thou 3 kapena 4, makoko akhale atsopano kapena oomberedwa kamodzi, ndipo kamwa ya khoko muilumitse pamzere wa mutu kuti kugunda kwa mfuti kusakankhire mitu mkati zili mu magazini. Muziyang'ananso pamwamba penipeni pa lamba. Die wamba siifika bwino pamenepo, ndiye pamatupa pang'onopang'ono mpaka khoko limakana kulowa ngakhale phewa lili pabwino. Yezani pamenepo ndi vernier poyerekeza ndi khoko latsopano, likayamba kugwira lichotseni m'gulu la zakutchire.

Mfuti zodzikoka zokha, khosi lokha ayi ndithu. Bolt yake ilibe dzanja loikakamiza, ndipo khoko lothina likhoza kuisiya isanatseke bwino. Finyani khoko lonse, phewa libwerere ma thou 3 mpaka 4, primer ikhale pansi pang'ono pa nkhope ya thako. Makoko akamakanabe, makamaka otola amene anaomberedwa m'mfuti ina, pali die yotchedwa small base imene imafinya thupi mothinirapo cha kumunsi.

Sakala (Nelspruit):
Zamveka a Tembo. Mphete ya comparator ya .375 ndi saizi yanji?

Tembo Fitter (Germiston):
Mu seti ya Hornady tengani ya 0.420, ndi imene amagwiritsa ntchito pa makoko ambiri a lamba. Muonetsetse kuti yakhala pakati pa phewa, isagunde pokumanira khosi ndi phewa, poti phewa la .375 ndi lalifupi. Muyeze makoko asanu oomberedwa, mutenge nambala ya lalitali kwambiri, muyambire pamenepo.